Chifukwa Chake Makande Amang'aluka

Kwathu ku Limbuli agogo anga ankaumba mbiya, koma sankatapa dothi paliponse. Ankayamba alifinya m'manja, ndipo lina ankalikana ponena kuti, "Awa ndi makande, mbiya yake idzang'aluka." Nditayamba kuphunzira za chiyankhulo, ndinazindikira kuti mawu athu akuti katondo, makande ndi mtapo amasiyanitsa zinthu zomwe asayansi nawonso amasiyanitsa, ngakhale iwo amatero pogwiritsa ntchito kuwala.

Kuwalako kumatchedwa infrared. Maso sakuona, koma khungu limakumva ngati kutentha. Anakutulukira ndi William Herschel mu 1800. Kukawalitsidwa pa dongo, tizigawo ta dongolo ndi ta madzi ali m'kati mwake timanjenjemera n'kumeza mbali ina ya kuwalako. Makina amajambula mzere wosonyeza pomwe pamezedwa, ndipo dongo lililonse lili ndi mzere wakewake. Mwachitsanzo, dongo la kaolinite limaonekera pafupi ndi 3695 ndi 3620 pa sikelo ya makinawo, pomwe madzi amaonekera pafupi ndi 1630.

Dongo limapangidwa ndi timapepala topyapyala tosanjikizana. Mu kaolinite, yemwe amachuluka m'katondo, timapepalati n'togwirana zolimba moti madzi salowa pakati. Dongoli limapezekanso pamodzi ndi bauxite amene anapezeka pa Lichenya, m'phiri la Mulanje, mu 1924. Koma m'makande muli smectite, yemwe amalowetsa madzi pakati pa timapepala take. Mvula ikagwa amafufuma, ndipo chizindikiro cha madzi pa mzere uja chimakula. Dzuwa la Okutobala likaomba amanyala n'kusiya ming'alu.

Mchere nawo uli ndi mbali yake. Sodium akachuluka, timapepala tija timatalikirana, dothi limasungunuka n'kutseka timipata tolowera madzi. Calcium amatigwirizanitsa. Ichi n'chifukwa chake minda ina ya nthaka yamchere ku Chikwawa imavuta kulima.

Nkhaniyi si ya m'kalasi mokha. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba m'boma la Mulanje mu Malichi 2023, mabanja ambiri anayenera kuumba njerwa zatsopano, ndipo njerwa ya makande imang'aluka isanalowe n'komwe mu uvuni. Makina oyezera dothi ali kutali ndi mudzi wathu, koma mawu aja tili nawo. Mwana amene sakusiyanitsanso mtapo ndi makande adzaumba njerwa zake pa dothi lolakwika.