Masitolo a amwenye ku Bwalo la Njobvu

Masitolo a amwenye ku Bwalo la Njobvu ndi mizere ya masitolo akale imene ili ku Area 2 mumzinda wa Lilongwe, pafupi ndi msika waukulu komanso depoti ya mabasi.

Kamangidwe ndi malonda

Masitolo ambiri ndi ogundizana ndipo ali ndi khonde kumaso, lomwe limateteza ogula ku dzuwa ndi mvula. Pakhondepo pamakhala atelala ndi makina awo, choncho munthu akagula nsalu amatha kuisoketsa pomwepo. M'sitolo zambiri wogula satenga yekha katundu: amaloza ali pakauntala, ndipo amaloledwa kunenerera mtengo. Katundu wodziwika ndi zitenje, mabulangete, mapoto, njinga ndi malata.

Mbiri

Kale amwenye ankachita malonda m'maboma ndi m'madera akumidzi. M'zaka za m'ma 1970, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linawalamula kuti achoke kumidzi ndi kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Lilongwe, imene inakhala likulu la dziko mu 1975, inali umodzi mwa mizindayo.

Masiku ano

Malonda amatentha m'nyengo yogulitsa fodya, pamene alimi, kuphatikizapo a kwa Mwase ku Kasungu, amabwera pamsewu wa M1 kudzagula katundu. Komabe masitolowa akupikisana ndi masitolo amakono ndi a anthu a ku China, pomwe kaunjika wachepetsa ntchito ya atelala.