Mliri Ukabuka, Ndege Zimaima ndipo Masheya Amagwa

Matenda opatsirana akabuka, makampani a ndege ndi amene amayamba kumva kuwawa. Anthu amaopa kukhala mothithikana m'ndege kwa maola ambiri, ndipo maboma amatseka malire. Covid-19 inaonetsa zimenezi poyera: mu 2020 chiwerengero cha okwera ndege padziko lonse chinatsika kuchoka pa 4.5 biliyoni kufika pa 1.8 biliyoni.

Ndege imadyabe ndalama ngakhale itaima pabwalo. Ngongole yoigulira imafunika kubweza, amakaniko amaisamalirabe, ndipo amene anagula matikiti amafuna ndalama zawo. Eni masheya akaona kuti phindu palibe, amathamangira kugulitsa, ndipo ogulitsa akachuluka mtengo umagwa. Mu Epulo 2020, Berkshire Hathaway, kampani ya Warren Buffett, inagulitsa masheya ake onse m'makampani a ndege a Delta, United, American ndi Southwest.

Makampani ofooka anatseka, monga Flybe ya ku Britain mu Malichi 2020. Ena anapulumutsidwa ndi maboma: Germany inakonzera Lufthansa thandizo la mayuro 9 biliyoni. Ethiopian Airlines inazula mipando m'ndege zina n'kumanyamula katundu ndi zipangizo zachipatala. Masheya a makampani a ndege anakwera kwambiri mu Novembala 2020, zitamveka kuti katemera wapezeka.