Banja Likafika Kukhoti, Loya Asankhidwe Bwanji?

Banja likamatha, ambiri amasankha loya potengera mphekesera: uje ndi wolusa, uje saluza mlandu. Njira imeneyi yaliza anthu. Pamlandu wokhudza nyumba, ana ndi chithandizo chawo, loya woyenera ndi amene mungathe kumufufuza musanamupatse ndalama, komanso amene pali malo okamudandaulira akakulakwirani.

Kufufuzako kumayambira pa chiphaso. M'Malawi muno, kuphunzira zamalamulo pakokha sikupatsa munthu ufulu woimira wina pamlandu. Ayenera kuvomerezedwa ndi khoti, ndipo akhale ndi layisensi yomwe imakonzedwanso chaka ndi chaka. Bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mayina a maloya amene ali ndi layisensiyo, ndipo ndi komwenso kumapita madandaulo okhudza khalidwe lawo. Dobadoba wovala suti amene wakulandirani pachipata cha khoti alibe wina aliyense womuyang'anira. Akathawa ndi ndalama zanu, mwataya basi.

Mukatsimikiza za chiphaso, mvetserani mafunso amene loyayo akufunsa. Wodziwa ntchito yake amayamba ndi kufunsa kuti munakwatirana motani, chifukwa lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi zaka zosachepera zisanu popanda mwambo. Yankho lake ndilo limasonyeza khomo loyenera kugogoda: maukwati a chinkhoswe nthawi zambiri amathera kwa majisitireti, pomwe ena amapita ku High Court, yomwe ili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma chamasiye. Loyayo afunsenso za zimene aliyense anaikapo pa katundu, poti gawo 24 la malamulo aakulu a dziko limapatsa mayi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri. Loya wolonjeza chipambano asanaone pepala ndi limodzi lomwe ndi woyenera kumuopa. Malipiro alembedwe musanayambe, ndipo ndalama iliyonse ituluke ndi risiti.

Ena amati za m'banja n'za ankhoswe, kuitana loya n'kuika mafuta pamoto. Ankhoswe ali ndi malo awo, ndipo makhoti amawamvera pamilandu ya maukwati a chinkhoswe. Koma chigamulo chawo chimadalira kuti munthu amvere mwa kufuna kwake. Bambo akasiya kupereka chithandizo cha ana chomwe analonjeza pabwalo, ankhoswe sangamukakamize, pomwe lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa khoti mphamvu yomukakamiza. Pomwe pali nkhanza, chikalata chotetezera munthu pansi pa lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 chimachokera kukhoti kokha.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi la ndalama, ndipo ndi loona: maloya ambiri ali m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo mitengo yawo mlimi wamba sangaikwanitse. Komabe umphawi sukutseka khomo. Boma lili ndi Legal Aid Bureau, yomwe imaimira anthu osowa itaunika kapezedwe kawo, ndipo mabungwe monga WLSA ndi Women Lawyers Association amathandiza amayi. Ntchito imawachulukira ndipo milandu imachedwa, choncho n'kwanzeru kupitako msanga, mutanyamula chikalata cha ukwati, mapepala a malo kapena nyumba, ziphaso za kubadwa kwa ana ndi samoni ngati mwalandira kale.