MTENGO WA MAKOLEJI A KU JONI

Anthu ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amagwira nchito m'nyumba, m'minda ya maluwa ndi m'masitolo a ku Rosebank, cigawo ca anthu acuma mu mzinda wa Johannesburg. Mwana akatsiriza sukulu ya sekondale, makolo otere amasonkhanitsa mapepala a makoleji nafunafuna pamene palembedwa ndarama zocepa. Apa mpamene ambiri amasokera, pakuti zolembedwa pa pepala ziri gawo cabe la mtengo wonse.

Sukulu zazikuru za Boma zoyandikira Rosebank ziripo ziwiri: Witwatersrand ya ku Braamfontein, imene inakhala yunivesite m'caka ca 1922, ndi University of Johannesburg ya mu 2005. Kumeneko mwana wa kwathu amathandizidwa ndi pangano limene maiko a SADC anapangana ku Blantyre mu 1997, lakuti wophunzira wocokera m'maiko amenewa azilipira monga mwana wa m'dziko momwemo. Pangano ndi labwino ndithu, koma silicotsa katundu yense. Mlendo amaonjezerapo ndarama yolembetsera alendo, nauzidwa kuti apereke gawo lalikuru la ndarama za caka asanalowe m'kalasi. Boma nalo silimpatsa cilolezo ca kuphunzira ngati alibe inshuwalansi ya cipatala ya m'dzikomo. Thandizo la NSFAS, limene kuyambira mu 2018 limalipirira ana a mabanja osapata koposa R350,000 pa caka, iye silimkhudza, pakuti nla eni dziko.

Makoleji a anthu amalonda, monga ija inachuka ndi dzina la Rosebank College (ngakhale ana ace a mu Joni anali kuphunzirira ku Braamfontein), salandira cithandizo ca Boma, motero wophunzira amasenza yekha mtengo wonse. Cokoma cace ncakuti ambiri amalola kulipira mwezi ndi mwezi, monga momwe wanchito alandirira malipiro ace; koma miyezi yonse ikaphatikizidwa kawirikawiri imaposa ndarama yopereka kamodzi. Kholo lanzeru limayamba lafunsa ngati kolejiyo inalembedwa m'kaundula wa Boma, cifukwa setifiketi ya koleji yosalembedwa siipezetsa nchito.

UNISA ya ku Pretoria, imene inayamba kuphunzitsa mwa makalata mu 1946, ndiyo yopepukira munthu wapanchito. Amalipira phunziro lirilonse palokha, sacita lendi pafupi ndi sukulu, ndiponso sataya ndarama tsiku ndi tsiku pa sitima ya Gautrain yocokera ku Rosebank kunka ku Park Station.

Zonsezi zimalipiridwa m'marandi, ndipo bvuto lace limagwera makamaka makolo otumiza ndarama kucokera kumudzi. Mu November 2023 Boma la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100, ndipo amene anawerengera ndarama za mwana mu October anapeza mu January kuti sizikwananso.