Gitala ya Magetsi Ikayamba Kulilima Siyofunika Kutaya

Oimba a m'machalichi ndi m'mabandi ku komboni ya Ngungu mu Kabwe angathe kukonza okha gitala yakale imene yayamba kulilima kapena kudula mau.

Pa gitala ya mtundu wa Stratocaster, umene kampani ya Fender inatulutsa mu 1954, mapikapu atatu, swichi ndi zokwezela mau zonse zimakhala pa cipulasitiki cimodzi cochedwa pickguard. Cimagulitsidwa mawaya ali olumikiza kale.

Wokonza ayamba wazula gitala ku ampu, kucotsa nsambo ndi kumasula masikuluu. Kawili-kawili mawaya oocelela amakhala atatu cabe: awili opita podzela cingwe ca ku ampu, ndi imodzi yopita ku citsulo cogwila nsambo. Yacitatuyi ikaiwalika, kulilima sikutha.

Akabwezela nsambo, nchito yaikulu ndiyo kuika mapikapu pa msinkhu woyenela. Adinikize nsambo pa fuleti yomaliza, ndipo mpata pakati pa nsambo ndi magineti ukhale pafupi-fupi mamilimita 2, koma wokulilapo pang'ono ku nsambo zonenepa. Pikapu ikayandikila kwambili, magineti amakoka nsambo ndipo mau amasokonezeka. Ikatalikila, mau amacepa mphamvu.

Waya woocelela nthawi zambili amakhala ndi mtovu, umene wavutitsa kale anthu a mu Kabwe ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994. Conco wokonza asambe m'manja akamaliza, ndipo ana asaseweletse zotsala.