Za Wailesi ya ku Lusaka ndi Kanema wa pa Bwalo

Inu omvera athu a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, nkhani yathu ya lero ndi ya zinthu ziwiri zimene zinafika m'midzi mwathu pafupifupi nthawi imodzi, ndizo wailesi yotsika mtengo imene munthu wamba anatha kugula, ndi kanema woyenda pa galimoto. Zonse ziwirizi zinadza ndi Boma la masiku amenewo, ndipo cholinga cha Boma chinali chimodzi, kuphunzitsa anthu ndi kuwauza zimene ilo linafuna kuti amve. Koma anthu sanazilandire mofanana, ndipo kusiyana kumeneko ndiko tifuna kulongosola.

Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inayamba ntchito m'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ili m'kati, kuti anthu azimva za nkhondoyo ndi za ana awo amene anapita ku usilikali. Nkhondo itatha, Bwana Harry Franklin, amene anali mkulu wa zofalitsa nkhani m'Boma la Northern Rhodesia, anakopa maboma atatu kuti agwirizane motere: Lusaka aziulutsira anthu akuda a m'maiko onse atatu, ndipo Salisbury aziulutsira Azungu. Nyumbayo inatchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inkalankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi.

Komatu kuulutsa mawu n'kwachabe ngati palibe chowalandirira. Mawailesi a nthawi imeneyo anali a mtengo wapatali, ndipo ambiri anali ofuna magetsi. Bwana Franklin anayendayenda m'makampani a ku Britain kufunafuna wina woti apange wailesi ya munthu wosauka, mpaka kampani ya Ever Ready inavomera. M'chaka cha 1949 inatuluka wailesi imene inatchuka ndi dzina lakuti Saucepan Special, chifukwa thupi lake linali lozungulira ngati sefuliya yopanda chogwirira. Inali yopakidwa utoto wabuluu, ndipo timabowo take tinali totsekedwa ndi kasefa kuti tizilombo tisalowe. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake paundi 1 ndi masheleni 5, ndipo batirelo linkakhala maola pafupifupi 300. Banja lomvera maola awiri madzulo alionse linkatha nalo miyezi isanu. Ndalama zimenezi sizinali zochepa, pakuti kwa munthu wogwira ntchito pa famu zinali malipiro a miyezi ingapo. Koma wailesi imodzi inkakwanira mudzi wonse, ndipo mwini wake sankasowa alendo pakhonde.

Kapena wina afunsa kuti mawu ochokera ku Lusaka ankafika bwanji ku Nsanje ndi ku Bulawayo. Ankayenda pa mafunde aafupi, amene amakwera kumwamba nagunda mpweya wina wa kutali m'mlengalenga umene umawabwezera pansi, monga momwe phiri limabwezera mawu a munthu wofuula. Mpweya umenewo sukhazikika, umasintha usana ndi usiku. Ndicho chifukwa chake nyimbo inkamveka bwino, kenaka n'kuzilala ngati woimbayo walowa m'phanga, n'kubweranso. Ndipo mwini wailesi ankadzudzulidwa ndi alendo ake pa mlandu umene sunali wake.

Mwa zonse zimene Lusaka ankaulutsa, chimene anthu anachikonda koposa chinali cha Zimene Mwatifunsa. Munthu ankalemba kalata, natchula nyimbo imene afuna, natchulanso abale amene afuna kuwapatsa moni. Kuti timvetse kulemera kwake kwa kanthu kakang'ono aka, tikumbukire kuti amuna ambiri a m'midzi ya ku Nyasaland ndi ya kum'mawa kwa Northern Rhodesia anali kutali, ena ku migodi ya Kitwe ndi Luanshya, ena ku malasha ku Wankie, ena m'mafamu a fodya, ndipo ena anakhalitsa mpaka anatchedwa machona. Kalata ya pa positi inkachedwa, ndipo mayi wosadziwa kuwerenga ankayenera kuipereka kwa mphunzitsi kuti amuwerengere, chinsinsi cha m'nyumba n'kukhala cha anthu atatu. Koma pa wailesi ankadzimvera yekha dzina lake, dzina la mudzi wake ndi la mfumu yake, pamaso pa anzake onse amene ankamunena kuti anasiyidwa. Nyimbo yotsatira moniwo, ingakhale inali yotani, inkakhala yake ya mayiyo mpaka ukalamba.

Woimba amene dzina lake silisiyana ndi wailesi ya ku Lusaka ndiye Alick Nkhata. Iye anabadwira ku Kasama m'chaka cha 1922, atate wake ochokera ku Nyasaland, amayi ake Mbemba. Anaphunzira ntchito ya uphunzitsi, napita ku nkhondo, ndipo atabwerako anagwira ntchito ndi Bwana Hugh Tracey, amene ankayenda m'maiko ambiri a Africa kujambula nyimbo za makolo. Luso la Nkhata linali lotenga nyimbo ya kumudzi ndi kuiika pa gitala osaipha, ndipo ankaimba m'Chibemba ndi m'Chinyanja za moyo wa m'tauni, za ukwati, za ndalama zosakhalitsa m'thumba. Antchito a nyumbayo ankapitanso ndi makina m'midzi kukajambula ng'oma, kalimba ndi nyimbo za amayi za pamtondo. Apa ndipo panali chodabwitsa, pakuti nyimbo ya pamtondo palibe anaiyesapo kanthu. Inali njira ya mayi yodandaulira mwamuna kapena apongozi popanda kuwatchula. Tsono itamveka m'wailesi, pakati pa nkhani za ku London ndi mawu a Bwanamkubwa, anthu anaimva ndi makutu ena.

Makina anasintha nyimbo zathu m'njira imene ambiri saizindikira. Mbale ya galamafoni, yozungulira ka 78 pa mphindi imodzi, inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu zokha mbali imodzi. Gule wa pa bwalo, monga chimtali kapena mganda, alibe malire otere; amatha ovina akatopa. Choncho ng'oma inalowa m'mbale itadulidwa mutu ndi mchira, ndiponso kumva ng'oma osaona mapazi a ovina ndi kulandira theka lokha. Amene anapindula ndi a gitala ndi banjo, pakuti iwo anaphunzira kukamba nkhani yonse m'ndime zitatu. Nyimbo ya Napolo ya a Paseli Brothers ndi chitsanzo chabwino. Madzi osefukira amene anatsika m'phiri la Zomba mu December 1946 analembedwa m'mabuku a Boma, koma anthu ambiri amawadziwa chifukwa cha nyimboyo. Ku Bulawayo nako, August Musarurwa anapeka Skokiaan, dzina la mowa waukali woletsedwa wa m'makomboni. Nyimboyo inaoloka nyanja, Louis Armstrong naijambula m'chaka cha 1954, ndipo awiriwa anaonana pamene Armstrong anadzacheza ku Southern Rhodesia m'chaka cha 1960.

Tsono tiyeni ku kanema. Bungwe la Central African Film Unit linakhazikitsidwa m'chaka cha 1948 ku Salisbury, mkulu wake ali Bwana Alan Izod, ndipo mmodzi wa ojambula ake oyamba anali Bwana Stephen Peet. Makanema ake anali aafupi, a pa filimu ya mamilimita 16, ndipo osewera ake anali anthu a m'midzi momwemo. Oyambawo analibe mawu, pakuti kanema mmodzi anayenera kuonetsedwa kwa Achewa, Abemba ndi Mashona omwe. Galimoto inkafika pa bwalo la sukulu kapena la mfumu, makamaka m'chilimwe misewu ikauma, antchito n'kuimika chinsalu choyera, n'kuliza injini ya magetsi, n'kudikira mdima. Zithunzi za pa filimu siziyenda, koma zikamadutsa 16 kapena 24 pa sekondi imodzi diso limanyengeka. Pambali pa makina pankaima womasulira ndi chokuzira mawu, ndipo kunena zoona kanemayo anali m'kamwa mwa munthu ameneyu. Womasulira wanthabwala ankaseketsa khamu ndi kanema wa manyowa, pamene wouma pakamwa ankabalalitsa anthu kanema ali pakati.

Nkhani za makanemawa zinali pafupifupi za mtundu umodzi. Pankakhala anthu awiri, wina wanzeru womvera mlangizi wa Boma, wina wopusa wosamva. Wanzeru n'kulemera, wopusa n'kusauka. Wotere anali The Two Farmers. Wina wotchuka, Mulenga Goes to Town, anali wa mnyamata wa kumudzi amene apita ku tauni nakakumana ndi zokhoma za kumeneko, ndipo phunziro lake linali loonekeratu, lakuti kumudzi n'kwabwino. Anthu ankaseka ndithu, ndipo ankakondwa kuona pa chinsalu nkhope zonga zawo, nkhokwe, khasu ndi njinga zonga zawo. Koma phunzirolo ambiri analisiya pa bwalo pomwepo, ndipo ine ndiyesa kuti anali ndi chifukwa. Mlimi wa ku Nyasaland amene ankaona wanzeru akulemera ndi mizere ndi migula, ankadziwanso anzake amene analipitsidwa kapena kumangidwa pa milandu ya malimidwe. Mlimi wa ku Southern Rhodesia ankadziwa lamulo la Native Land Husbandry Act la 1951, limene linachepetsa ng'ombe ndi minda ya anthu. Za kuchepa kwa malo ndi za mitengo ya mbewu makanemawo sankanenapo kanthu.

Ku migodi ya mkuwa anthu anakonda makanema a anyamata okwera akavalo a ku America. Mayi Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba kuti ngwazi ya m'kanema aliyense wotere oonera ankaitcha Jack. Akuluakulu oyang'anira makanema ankadula mbali zambiri zimene anaziyesa zosayenera anthu akuda, kotero kuti nkhani sinkalumikizana. Oonera ankalumikiza okha, akufuula ndi kulangiza Jack wawoyo.

Wailesi nayo inakumana ndi mayeso ake. Pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali kukhazikitsidwa m'chaka cha 1953, anthu akuda ambiri osachifuna, nkhani za pa wailesi zinayamba kukayikiridwa, ndipo kunabuka mphekesera yakuti oulutsa mawu a ku Lusaka ndi anyama, anthu ogwira anzawo ndi kuwapopa magazi. Bwana Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito m'nyumbayo, anasimba za masiku oopsawo m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, la 1959. Komabe makalata opempha nyimbo sanaleke kufika. M'chaka cha 1958 nyumbayo inalowa pansi pa Federal Broadcasting Corporation, ndipo Chitaganya chitatha pa 31 December 1963 dziko lililonse linakhala ndi wailesi yake. Alick Nkhata anakhala mmodzi wa akuluakulu a wailesi ya Zambia. Anaphedwa mu October 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi munda wake ku Mkushi.

Zambiri za zinthu izi zilipobe. Nyimbo zimene Bwana Tracey anajambula, pamodzi ndi za ulendo wake wa ku Nyasaland wa 1958, zimasungidwa ku International Library of African Music, imene iye anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University mu mzinda wa Makhanda ku South Africa. Makanema a Central African Film Unit ambiri ali m'nyumba yosungiramo zakale ya Boma ku Harare. Ndipo ngati m'sutikesi ya agogo anu muli mbale za galamafoni, musaziike padzuwa kapena pafupi ndi moto, pakuti zimapindika; muziimike chilili, iliyonse m'chikwama chake cha pepala, ndipo musaziimbe ndi singano yakutha, chifukwa imadya mizere ya mbale ndipo mawu akachoka sabweranso.