Patani ya chidole chosoka

Patani ya chidole chosoka ndi mapepala kapena makatoni odulidwa motsatira ziwalo za chidole, amene wosoka amawaika pansalu kuti ajambule ndi kudula zidutswa zoti alumikize. Zidutswazo zimasokedwa kunsi kwa nsalu kuli kunja, kenako chidolecho amachitembenuza n'kuchidzaza thonje, tizidutswa ta nsalu kapena thonje la kufakitale la polyester. Zidole zambiri za mtundu umenewu zimakhala za nyama monga chimbalangondo, njovu, kalulu ndi nyani, koma zilipo za anthu ndiponso mipira ya ana.

Patani ya chidole imasiyana ndi ya chovala. Diresi kapena shati zimapeza maonekedwe ake pathupi la munthu amene wavala. Chidole chilibe thupi mkati. Thonje limakankha nsalu mbali zonse, ndipo chimene chimachititsa kuti mutu uoneke ngati wa njovu osati wa nkhumba ndi kadulidwe ka zidutswa ndi malo amene misoko yadutsa. N'chifukwa chake patani yatsopano sidziwika ngati ili bwino pongoiyang'ana papepala. Imadziwika ikasokedwa n'kudzazidwa.

Mbiri

Anthu akhala akupangira ana zidole za nsanza kuyambira kalekale popanda patani yolembedwa. Mapatani osindikizidwa anafala m'zaka za m'ma 1800. Mu 1863 Ebenezer Butterick wa ku Massachusetts, ku United States, anayamba kugulitsa mapatani a zovala a pepala a masaizi osiyanasiyana, ndipo magazini a amayi ku Ulaya ndi ku America ankaika mapatani a tinthu tating'ono tosoka pakhomo.

Patani ina yotere inasintha mbiri ya zidole. Margarete Steiff, amene anabadwa mu 1847 m'tauni ya Giengen an der Brenz ku Germany, anadwala poliyo ali wakhanda ndipo ankayendera njinga ya olumala moyo wake wonse. Anaphunzira utelala ndipo ankagulitsa zovala za felt, nsalu yopangidwa popanikiza ubweya osati poluka. Kumapeto kwa 1879 magazini ya Die Modenwelt inasindikiza patani ya kanjovu ka nsalu. Mu 1880 Margarete anasoka tinjovu timeneti ndi felt kuti tikhale tobayapo singano, koma ana anatitenga n'kumaseweretsa. Apa m'pamene panayambira kampani ya Steiff, imene ilipobe mpaka pano.

Mu 1902 Richard Steiff, mwana wa mchimwene wake wa Margarete, anapanga chimbalangondo chimene chinatchedwa 55 PB. Nambala 55 inkaimira kutalika kwake m'masentimita, ndipo zilembozo zinkasonyeza kuti ndi cha nsalu yaubweya komanso kuti manja ndi miyendo yake zimayenda. Richard ankakonda kujambula nyama zamoyo kumalo osungirako nyama ku Stuttgart. Chimbalangondocho chinaonetsedwa pachionetsero cha zamalonda ku Leipzig mu 1903. Poyamba ziwalo zake zinkalumikizidwa ndi chingwe. Kenako anayesa timitengo ta chitsulo, ndipo pofika 1905 anakhazikika pa timbale tozungulira ta katoni tomangidwa ndi kachitsulo pakati. Njira yachitatuyi ndi imene osoka zimbalangondo ambiri akugwiritsabe ntchito. Ngakhale kampani yodziwa ntchito inafunika kuyesa katatu isanapeze mfundo yokhalitsa.

Ku America kunali njira ina. Mu 1892 kampani ya Arnold Print Works inayamba kusindikiza chithunzi cha mphaka pansalu, chotchedwa Ithaca Kitty, chimene anakonza Celia Smith ndi mlamu wake Charity Smith. Wogula ankangodula motsatira mzere, kusoka ndi kudzaza. Apa patani ndi nsalu zinali chinthu chimodzi.

Kukonza patani

Vuto lalikulu la wokonza patani ndi lakuti pepala ndi lafulati pamene chidole ndi chotukuka. Chidole chophweka kwambiri chimakhala ndi zidutswa ziwiri zofanana, chakutsogolo ndi chakumbuyo. Chikadzazidwa chimaoneka ngati pilo, ndipo chimaonda kusiyana ndi mmene chinajambulidwira, chifukwa gawo lina la m'lifupi mwa nsalu limathera pa kutukukako. Oyamba kumene amadabwa kuona kuti mwendo umene unkaoneka wonenepa papepala watuluka ngati kamtengo.

Mpira ndi chitsanzo chabwino cha masamu ake. Mpira wa masentimita 10 m'mimba mwake umakhala ndi masentimita pafupifupi 31.4 kuzungulira. Ukasokedwa ndi zidutswa 6 zooneka ngati magawo a lalanje, chidutswa chilichonse chiyenera kukhala masentimita pafupifupi 5.2 pakati pake pamene chatambalala kwambiri, ndi masentimita 15.7 m'litali, kuchokera kunsonga ina kufika kunsonga ina. Zidutswa zikachuluka mpira umabulungira bwino, koma ntchito yosoka imachulukanso.

Pali njira ziwiri zodziwika zopatsira nsalu thupi. Yoyamba ndi dati, imene matelala amaidziwa kale pa madiresi: amadula kapena kupinda kagawo kooneka ngati mphero n'kusoka m'mbali mwake, ndipo nsalu imatukuka pamene datiyo yathera. Yachiwiri ndi chidutswa chapakati chotchedwa gusset, chimene chimaikidwa pakati pa zidutswa ziwiri za m'mbali. Mutu wa chimbalangondo nthawi zambiri umakhala ndi zidutswa zitatu: tsaya lakumanja, tsaya lakumanzere, ndi chapakati chimene chimayambira pamphuno, kukwera pamphumi mpaka kutsikira kunkhongo. Chapakatichi ndi chimene chimaweruza nkhope. Chikatambalala pamphumi chidole chimaoneka ngati khanda, chikachepa chimaoneka ngati galu kapena khoswe. Kutalika kwa m'mphepete mwake kuyenera kufanana ndi kwa tsaya limene chikusokedwako. Popeza mizere yake ndi yokhota, wokonza amayeza poimika tepi cham'mbali kapena potsatira mzerewo ndi ulusi. Chidutswa china chotere chimaikidwa kumimba kwa nyama ya miyendo inayi kuti iime.

Ena sayambira papepala. Amaumba kaye nyamayo ndi dongo kapena mapepala okulungiza, n'kuikuta ndi pulasitiki, kenako amamata tepi ya pepala thupi lonse. Pa tepiyo amajambula pamene misoko idutse, amadula ndi lezala, n'kuyala zidutswazo patebulo. Pamene chidutswa chakana kugona, amacheka pang'ono, ndipo mpata umene watsegukawo ndiwo dati. Njirayi ndi yochedwa, koma imathandiza kwambiri pa nyama za maonekedwe ovuta. Palinso mapulogalamu a kompyuta. Mu 2007 Yuki Mori ndi Takeo Igarashi a ku University of Tokyo anaonetsa pulogalamu yotchedwa Plushie, imene munthu amajambula chidole pakompyuta ndipo iyo imatulutsa zidutswa za patani uku ikuyerekezera mmene chidolecho chidzatukukire.

Patani yomalizidwa imakhala ndi zizindikiro. Muvi umasonyeza mmene ulusi wa nsalu uyenera kulowera, ndipo pa nsalu yaubweya umasonyeza kumene ubweya ukugonera, kuti usayang'ane kumwamba pa mkono wina ndi pansi pa mkono wina. Timizere ta m'mphepete timasonyeza malo amene zidutswa ziwiri zikumane. Pamalembedwanso chiwerengero cha zidutswa ndi zimene ziyenera kudulidwa patani itatembenuzidwa, chifukwa woiwala zimenezi amapezeka ali ndi matsaya awiri akumanzere. Malo osiyira msoko amakhala ochepa, kawirikawiri mamilimita 5 kapena 6, pamene pa zovala amakhala sentimita imodzi ndi theka.

Kuyesa patani

Chidole choyamba sichisokedwa ndi nsalu yodula. Wokonza amatenga nsalu yotchipa, koma yofanana khalidwe ndi imene adzagwiritse ntchito. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa mmene imaonekera. Chitenje ndi nsalu zina za thonje zoluka sizitamuka kwenikweni, kupatula zikakokedwa mopingasa. Nsalu ya fleece imatamuka kwambiri mbali imodzi. Patani imodzimodziyo imatulutsa njovu yaing'ono yolimba ikasokedwa ndi chitenje, ndi njovu yonenepa ya miyendo yofooka ikasokedwa ndi fleece. Kuyesa patani ya fleece ndi nsanza ya chitenje n'kutaya nthawi.

Chidole choyeserachi chiyenera kudzazidwa mokwanira, chifukwa chikakhala chofewa chimabisa zolakwika. Kenako wokonza amachiyang'ana mbali zonse. Makwinya pakhosi kapena m'khwapa amasonyeza kuti nsalu yachuluka pamenepo, kapena kuti msoko wokhota sunachekedwe timano tisanatembenuze. Nsonga yotuluka ngati nyanga imasonyeza dati yothera mwadzidzidzi. Mutu wopendekera mbali imodzi umachokera ku chidutswa chapakati chimene mbali zake sizinafanane, n'chifukwa chake amachidula pepala litapindidwa pakati. Nyama ya miyendo inayi ikamatangadza, amasoka timadati pamene miyendo yakumana ndi mimba kuti ikokere mkati.

Zokonza zimalembedwa pachidole chomwecho ndi cholembera, ndipo pamene nsalu yachuluka amatsina n'kubaya mapini. Kenako amachisula, kuyala zidutswazo, n'kukopera pa pepala latsopano. Ndi bwino kusintha chinthu chimodzi kapena ziwiri zokha paulendo umodzi. Amene wasintha mphumi, tsaya ndi khosi nthawi imodzi sadziwa chimene chakonza nkhope kapena chimene chaiononga. Ambiri amalemba nambala pa patani iliyonse n'kusunga zakale, popeza nthawi zina yachiwiri imapezeka kuti inali yabwino kuposa yachisanu. Mutu ndi umene umabwerezedwa kwambiri, ndipo amausoka pawokha popanda thupi.

Pali zinthu zina zimene zimaoneka pokhapokha manja akagwira ntchito. Mchira kapena chitamba cha njovu chikaonda kwambiri sichitembenuzika. Mpata wolowetsera thonje ukaikidwa pamalo okhota umavuta kutseka, choncho amauika pamsoko woongoka, monga kumsana.

Patani yogulitsa kapena yophunzitsira imayesedwanso ndi anthu ena. Mwini wake amaidziwa kwambiri moti manja ake amakonza zolakwika iye osazindikira, ndipo amadumpha mfundo zimene akuganiza kuti aliyense akuzidziwa. Oyesa amasankhidwa a luso losiyana, ena a makina amagetsi, ena a makina opalasa, ena osoka pamanja. Amauzidwa kutsatira malangizo monga mmene alembedwera, osakonza okha mwakachetechete, ndipo amanena pamene anasokonezeka, nsalu imene inalowa ndi nthawi imene anatha. Woyesa amene amangoyamikira sathandiza kwenikweni. Nthawi zambiri oyesa salipidwa ndalama koma amapatsidwa patani yomalizidwa, ngakhale kuti nsalu ndi nthawi zimakhala zawo, ndipo nkhaniyi osoka amasiyana nayo maganizo.

Mapatani ambiri masiku ano amagulitsidwa pa intaneti kuti wogula asindikize yekha. Amakhala ndi kabokosi koyezera, ka masentimita 5 kapena ka inchi imodzi, imene ndi masentimita 2.54. Kabokosiko kakapanda kukwana pa rula, ndiye kuti makina osindikizira achepetsa kapena akulitsa tsambalo.

Kukulitsa ndi kuchepetsa

Patani ikhoza kukulitsidwa pa makina a fotokope, koma pali zoyenera kukumbukira. Chidole chikakula kawiri m'litali, nsalu imalowa yochuluka kanayi ndipo thonje limalowa lochuluka ka 8. Mutu umalemera, ndipo khosi limene linkaima bwino pa kachidole limagwa pa chachikulu. Malo osiyira msoko nawo amakula limodzi ndi chithunzicho, choncho amafunika kujambulidwanso. Saizi yatsopano iliyonse imayesedwa payokha.

Chitetezo cha ana

Mwana wamng'ono amaluma, kukoka ndi kuyamwa chidole. Diso likazuka kapena msoko ukang'ambika, mwana akhoza kutsamwa ndi disolo kapena thonje. Zimbalangondo zakale zinkakhala ndi maso a mabatani a nsapato kapena a galasi, ena ongobayidwa ndi waya. Mu 1948 kampani ya Wendy Boston ya ku Wales inabweretsa maso okhala ndi chomangira kuseri kwa nsalu, ndipo m'zaka za m'ma 1950 inatulutsa chimbalangondo chochapika chonse.

Masiku ano zidole zogulitsidwa ku Ulaya zimayesedwa motsatira muyezo wa EN 71, ndipo ku United States motsatira ASTM F963. Pali kachitini koyezera ka mamilimita 31.7 kukamwa kwake, koyerekezera kukhosi kwa mwana. Kanthu kalikonse kochoka pachidole n'kukwana m'kachitinimo kamaonedwa kuti n'koopsa kwa mwana wosakwana zaka zitatu. Pa muyezo wa EN 71, maso ndi mphuno zimakokedwa ndi mphamvu yofika manyutoni 90, yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 9, ndipo misoko imakokedwa ndi manyutoni 70. Amayesanso mmene nsalu imayakira moto ndi mankhwala amene ali mu utoto wake.

Wosoka wa pakhomo alibe zipangizo zimenezi, koma zambiri zimayambira pa patani. Pa chidole cha khanda, maso osokedwa ndi ulusi ndi abwino kuposa mabatani kapena mikanda. Makutu, manja ndi mchira zimalimba zikalowetsedwa mumsoko wa makina kusiyana ndi kuzilumikiza pamwamba ndi singano ya pamanja. Misoko imasokedwa ndi masitichi aafupi, a mamilimita pafupifupi 2, ndipo pamalo amene mwana amakokapo amadutsapo kawiri. Riboni kapena chingwe chachitali cha m'khosi chimachotsedwa. Chidole choyesera chimachapidwanso n'kuyanikidwa, kuti aone ngati utoto ukusuluka, ngati thonje likuundana, ndiponso ngati nsalu yoyandikana ndi msoko yayamba kusomoka.